Masamba pa Njira ya ku Lungwena

Mayfair, Joni
14 Epulo 2024

Mlongo wanga Shamima,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira Idi munadya bwino kumeneko, iwe, alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya m'shopu ikuyenda, kungoti kuzizira kwayamba kale kutinong'oneza. Kalatayi ndapatsira a Blackson, a galimoto yonyamula katundu aja, pamodzi ndi katundu wanu: bulangete la ababa, nsapato za ana ndi mafuta ako odzola. Chikwama chikafika chopepuka uwafunse bwinobwino, paja a Blackson akafika pa boda katundu wa eni amayamba kudwala.

Ukudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndachitira dala. Foni yanga ababa salandira, zaka zonsezi ukawapatsira amangoti "umuuze ndamva" asanamve n'komwe. Koma pepala amalipatsa ulemu. Ndiye uwawerengere mokweza, ngakhale atatembenukira kukhoma.

Nkhani ndi iyi: ndikubwera mu Julayi. Usathamangire nthungululu, yamba wamva. Ndikubwera kudzathamanga. Kwathu konko kwakonzedwa mpikisano wa marathoni, makilomita 42, kuyambira pa mlatho wa Shire pa boma, kudzera m'tinjira ta m'midzi, osati pa tala ayi, mpaka kupitirira Lungwena. Nditaona mapu ake pa foni ya mwana wa abwana ndinachita kukhala pansi. Njirayo ikudutsa pakhomo pathu penipeni, pa mtengo wa mango uja.

Paja unandiseka nditakuuza kuti kuntchito ndimapita chothamanga poopa kulipira takisi. Taona tsopano, umphawi wandipezera luso. Mwana wa abwana anandiona tsiku lina ndikupitirira galimoto yake pa maloboti, n'kundilowetsa mu kalabu yawo ya othamanga. Iwo ndi amene akubwera pa galimoto yawo, ine ndine wolondolera njira. Akusangalala kuti ati njira yake ndi yosalala, yopanda chitunda n'chimodzi chomwe, komanso Julayi ndi wozizira bwino. Ndangowayang'ana. Mchenga wa kwathu sakuudziwa.

Chimene chinandichotsa pamudzi ukuchidziwa. Achimwene a Ayubu atamira ndi mwera uja ine ndinakana kukweranso boti, ndipo ababa ananena pa doko, alovi onse, asodzi anzathu, akumva, kuti, "Ndinabereka amuna awiri, wina wamira, wina wathawa." Mawu amenewa ndimagona nawo mpaka lero, ndipo amandipweteka ngati anenedwa dzulo. Ndikufuna aone ndi maso awo kuti kuthamanga ndi kuthawa n'zosiyana. Akandiona, mwina adzanditchulanso dzina.

Undiuze za m'thupi mwawo. Pa foni umangoti alipo.

Ine mlongo wako,
Atumani


Lungwena
5 Meyi 2024

Achimwene,

Waalaikumu salamu. Katundu wafika yense, ulendo uno a Blackson musawasemere chinyau. Ife tilipo, ana akusewera. Chimanga ndiye chinapsa ndi dzuwa, pamene nyanja yadzaza mpaka kumiza mathandala oyanikapo usipa. Chaka chake sitikuchimvetsa, kumunda madzi kulibe, kunyumba madzi akufuna kulowa.

Kalata ndinawerenga mokweza monga munanenera, ndipo ababa anatembenukiradi kukhoma. Za pa doko zija ndinadumpha, musandikwiyire, sizikanatuluka pakamwa panga. Nditamaliza anafunsa kuti, "Akumuthamangitsa ndani?" Ndinati palibe, ndi mpikisano. Iwo amvekere, "Munthu wa ndevu zake kuchoka ku Joni kudzathamanga popanda chomupirikitsa? Kuno wothamanga m'mawa ndi wakuba, apo ayi akukaitana azamba." Amjomba a Che Dinala analipo, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Koma bulangete lanu akufunda, ngakhale akuti ndi loyabwa.

Inenso mundilole ndisekeko. Inu omwe aja amayi ankakutumani mchere n'kubwera nawo ndiwo zitapsa kale? Zoonadi ku Joni kumasintha anthu.

Za m'thupi mwawo, akudwala pang'ono. Miyendo yatupa, ndipo akachoka pakhonde kufika pa mango amayamba apuma kaye. Kunyanja anasiya, boti akuyendetsa ndi alamu anu. Tinapita kuchipatala, akuti ndi mtima, anatipatsa mapilitsi ochotsa madzi m'thupi. Iwo akuti ndi ukalamba chabe, ndipo andiletsa kukuuzani. Ndiye muzidziwa kuti sindinakuuzeni.

Ndili ndi funso. Mukuti mukubwera mu Julayi. Mukubwera kwathu, kapena mukudzadutsa kwathu? Paja zimenezinso n'zosiyana. Ngati n'kotheka bwerani mpikisanowo usanafike, mudzakhale nawo pakhonde masiku angapo, ngakhale asakulankhuleni. Madzulo amakonda kukhala chete akusoka ukonde umene sudzapitanso kunyanja, mukhoza kumadzawagwirira mbali inayo. Musawerenge izi ngati ndikupempha ndalama mozungulira, ndikazifuna ndimanena poyera, mukundidziwa.

Mupereke moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko.

Mlongo wanu,
Shamima


Mayfair, Joni
26 Meyi 2024

Shamima,

Asalamu alaikumu. Kalata yako ndalandira ndipo ndaseka nawo za azambazo. Akamanyoza choncho ndiye kuti mphamvu zilipo. Ababa ndi chitsulo chakale, adzatiika m'manda tonsefe. Miyendo yotupayo ndafunsa kwa mzimayi wogulitsa mankhwala pa famase, wandipatsa masokosi othina, akuti azivala masana ndipo pogona azitsamiritsa miyendo pa pilo. Achepetsenso mchere, ngati pali munthu pa dziko lino amene angawauze zimenezo.

Kuno kwazizira zenizeni. Ndimadzuka kudakali mdima, udzu utachita mbuu ndi chisanu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati ndikusuta. Lamlungu lililonse timapita kunja kwa tawuni, kuminda ya azungu, kukazolowera njira za fumbi. Chikhadabo cha chala chachikulu chada n'kuzuka, anzanga akuti ndiye kuti ndalowa m'gulu. Ndikatopa ndimayerekeza kuti ndapitirira Malindi, ndayamba kuona migwalangwa ya kwathu, basi miyendo imapepuka.

Zobwera msanga sizitheka. Abwana andipatsa masiku ochepa, ndipo galimoto si yanga. Koma ndisakunamize, ngakhale akanandipatsa mwezi sindikanabwera msanga. Ndikafika ndi chikwama paphewa ndidzakhala mwana wothawa uja wabwerera, adzandikhazika pamphasa n'kumandiyang'ana kuyambira kuphazi. Ndikufuna poyamba kundiona andione ndili pa liwiro, nambala ili pachifuwa, anthu a mayiko ena ali kumbuyo kwanga. Ukhoza kunena kuti ndi matama. Mwina ndi matamadi, koma ndilibe china chowaonetsa. Nyumba sindinamange, boti sindinagule.

Ndiye undithandize chinthu chimodzi. Tsikulo udzatulutse mpando wawo wa ndalema uja, udzauike pansi pa mango moyang'ana njira yochokera kuboma. Udzaitane amjomba, anansi, ana a ku madrasa, aliyense amene anamva mawu a pa doko aja. Ndikadzadutsa sindidzaima, pomalizira ndi patsogolo pang'ono. Ndikakamaliza ndidzabwerera kudzagwada pamaso pawo, adzanene zonse zimene akufuna, ndidzamva.

Usade nkhawa, mlongo wanga. Julayi si kutali.

Atumani


Lungwena
18 Juni 2024

Achimwene,

Waalaikumu salamu. Idi ya nyama tadya dzulo, ababa analawa msuzi wokha. Masokosi anu sakulowa, miyendo yapitirira pamenepo.

Mwera wayamba msanga chaka chino. Maboti ali pamtunda, usipa ukusowa, ana akutsokomola nyumba iliyonse. Ababa anasiya kugona chogona, akuti akagona madzi amawakwera pakhosi. Amagona chokhala, titawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo, ndipo kupuma kwawo kumamveka mpaka kuchipinda kwathu. Ine tulo ndinaiwala. Ndatopa, achimwene, ndipo ndili ndi mantha.

Ndinalemba kuti akudwala pang'ono. Inu munakulira konkuno, mukudziwa kuti munthu wamkulu sitimunenera kuti akudwala kwambiri iye ali moyo, akumva. Mawu akuti pang'ono mukuwadziwa kulemera kwake. Amayi aja tinkatinso pang'ono. Ndikakuimbirani foni mumangoti "ndamva, ndamva," uku mukundiuza za nsapato zanu zatsopano. Mumadana ndi ababa chifukwa mumafanana, nonse mumamva musanamve.

Kalata yanu ndinawawerengera, za mpando zokhazo. M'mawa mwake ndikuwapatsa phala anati nditenge cholembera. Ndalemba monga ananenera, sindinachotse kapena kuwonjezera:

"Atumani. Ndamva ukubwera. Mchenga suthamangika ngati tala. Usamaponde pakati pa njira, uziponda m'mphepete modutsa ng'ombe, ndi molimba. Mphepo idzakhala kumsana kwako, usaikhulupirire, imanamiza munthu kuti ali ndi mphamvu. Kabudula wako asakhale wochititsa manyazi. Ndatha."

Dzina lanu alitchula okha. Atatha anatembenukira kukhoma n'kunena kuti phala lazizira.

Tsono mwamva, chimene munkafuna chija chachitika. Palibenso chodikira nambala pachifuwa. Bwerani, kwerani basi kapena a Blackson omwewa akamabwerera kuno, anzanuwo adzakupezani. Abwana akakana muwauze kuti bambo anu akudwala pang'ono, mwina iwo amva.

Shamima


Mayfair, Joni
1 Julayi 2024

Shamima,

Asalamu alaikumu. Kalata ija ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndinakalowa kuseri kwa matumba a mpunga m'shopu kuti anzanga asandione ndikulira. Anditchula dzina! Ndipo taona, sanati usathamange, andiphunzitsa ndi poponda pomwe. Munthu amene akudikira kufa salangiza za mchenga, Shamima. Akufuna adzaone mpikisanowu, ndipo ndidzauthamanga monga sindinathamangepo. Uwauze kuti kabudula ndasaka wautaliko, koma a marathoni onse anasokedwa ndi telala wouma manja.

Ndikudziwa watopa, ndipo ndikadzafika udzapuma. Zokwera basi ndekha ndiye ayi, anzangawa njira ya ku Tete sakuidziwa, ndinawalonjeza.

Dongosolo lili chonchi. Tidzafika ku Mangochi Lachisanu pa 12, inshaallah, cha kumasana. Othamanga onse tidzagona ku Nkopola, kumene akukaperekera manambala, ndipo Loweruka m'mamawa basi idzatitengera pa mlatho. Pakhomo ndidzadutsa dzuwa litakwera pang'ono, nthawi ya tiyi. Mudzayang'ane malaya achikasu. Foni yanga ikadzasiya kulowa usadzadabwe, nambala ya kuno ikawoloka boda imafa.

Ndikudziwa udzati bwanji osadzagona kunyumba Lachisanulo. Ndikadzabwera sitidzagona, kudzakhala kulira ndi kucheza mpaka kucha, ndipo zonse ndakonzazi zidzaonongeka. Ndi usiku umodzi wokha. Tadikira zaka zonsezi, usiku umodzi sungatikanike.

Usaiwale mpando.

Atumani


Lungwena
18 Julayi 2024

Atumani,

Asalamu alaikumu. Ndine mjomba wako, Dinala. Ine si wolembalemba, koma Loweruka lija sindinakulankhule, ndipo Lamlungu unanyamuka ndi anzako a galimoto. Ndinatseka pakamwa dala, kuopa kuchimwa pamaliro. Tsopano sadaka ya masiku atatu yadutsa, ndinene.

Bambo ako, Che Jaffalie, anatisiya Lachisanu itangotha swala ya magharibi, dzuwa litalowa. Mlongo wako anaimba foni yako mpaka batire kutha, sinkalowa. M'bandakucha tinatuma wa njinga yamoto ku Nkopola, anapeza basi yanu itanyamuka kale. Ndiye ndinauza ashehe kuti tisafulumire, mwanayo adutsa pompano, timuimitsa, aone nkhope ya bambo ake ndi kunyamula nawo jeneza lopita nalo kumanda. Ukudziwa kuti ife maliro sitisunga. Manda anali okumbakumba, anthu ochokera kutali atakhala pamphepo kuyambira m'mawa, koma tinadikira iwe.

Masamba tinaika pa njira mbali zonse ziwiri, monga timachitira kuti wodutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Wakabaza aliyense ankatsika n'kukankha njinga. Alendo a kunja amene anadutsa chothamanga sitinawaimbe mlandu, mwambo sakuudziwa. Koma anyamata ena a ku Zomba ndi ku Mulanje, oti satidziwa n'komwe, atafika pa masamba anayamba kuyenda, wina anavula ndi chipewa chomwe.

Kenako unatulukira iwe, malaya achikasu, ntchafu zili pamtunda, pamaso pa ashehe ndi azimayi. Masamba unadumpha. Anthu anaimirira kukuitana dzina, iwe unakweza manja onse awiri uku ukuseka. Ine ndinalowa pakati pa njira n'kukweza dzanja kuti uime. Unandiwomba m'manja ngati ndine mnzako wa mpira, n'kupitirira.

Alamu ako anagwira njinga kuti akutsatire. Amene anawaletsa ndine, usakwiyire wina. Ndinati wationa, masamba wawaona, tiyeni tikaike m'bale wathu. Tinanyamula jeneza. Pamene unkafika pa kabaza ndi kachitsulo kako m'khosi, ife tinali tikusamba m'manja kuchokera kumanda.

Ndakhala zaka zambiri, za mtundu umenewu sindinazionepo. Kumzikiti anthu akundifunsa kuti mwana wa mlongo wanu uja ku Joni anakasiya nzeru kapena chipembedzo, ine ndikusowa poyang'ana. Bambo ako ndinkawatsutsa pa mawu amene anakunenera pa doko. Lero sindikudziwa ngati ndinkakhoza.

Arubaini, sadaka ya masiku 40, ndi pa 21 Ogasiti. Sindikukuitana ndipo sindikukuletsa.

Dinala


Mayfair, Joni
29 Julayi 2024

Mlongo wanga Shamima,

Asalamu alaikumu. Sindifunsa ngati muli bwino. Kalata ya amjomba ndalandira, ndipo mulibe bodza n'limodzi lomwe. Iwowo sindingawayankhe. Iwe ndikuuza mmene zinayendera, poti pa maliro paja unali m'nyumba ndi azimayi ndipo sitinaonane bwino. Ukamaliza kuwerenga ukhoza kuyatsira moto.

Tinanyamuka pa mlatho kukungoyera kumene, nkhungu ili pa Shire, tonse tikunjenjemera. Titangosiya tala n'kulowa m'minda, mtima wanga unasefukira. Mapesi ouma, milambe yopanda tsamba, azimayi atafunda zitenje kumutu akupita kumjigo, ana akuotha moto wa zinyalala n'kumatikuwiza. Fungo la utsi ndi ndowe za ng'ombe. Ndinali kwathu. Njira anaiika zizindikiro za laimu, koma ine sindinkaziyang'ana. Pa mchenga anzanga ankatitimira pakati, ine ndinkaponda m'mphepete modutsa ng'ombe, ndipo ndinawapitirira mmodzimmodzi uku ndikuti ababa, mwaona?

Njira yosalala imapweteka mwa mtundu wake. Palibe chitunda choti uchiimbe mlandu, palibe potsetsereka poti upumire, mwendo umangoponda chimodzimodzi mpaka umayamba kuuma. Mphepo inkandikankha kumsana ndipo ndinaikhulupirira, ngakhale anandichenjeza.

Titapitirira Malindi, pa mudzi wina umene sindikuudziwa dzina, tinapeza masamba pa njira. Ndinaima, Shamima. Ndinavula chipewa, ndinayenda mpaka kupitirira masamba achiwiri, anthu atatu anandidutsa. Maliro a munthu amene sindimudziwa ndinawapatsa ulemu wonse. Nditayambanso kuthamanga miyendo inali ngati ya munthu wina, ndinavutika nayo mtunda wautali kuti ibwerere. Ndinadziuza kuti ndikaimanso basi, sindidzadzukanso.

Kenako ndinaona mango athu patali, ndi anthu, ambiri kuposa amene ndinapempha. Ndinati Shamima wagwira ntchito, mudzi wonse wabwera. Masamba ndinawaona. Wina asakunamize kuti sindinawaone pofuna kundichepetsera mlandu. Ndinaganiza kuti mwina ndi a kwa anansi, pali okalamba ambiri mbali imeneyo. Ndipo ndinati ndikayamba kuyenda pano, ababa andiona ndikufika pakhomo wapansi ngati munthu wogonja, pambuyo pa zonse zija. Ndinadumpha.

Maso anga sanali pa anthu, anali pansi pa mango. Mpando unalipo, woyang'ana kuboma monga ndinanenera, koma wopanda munthu. Pamenepo mutu unangondiuza chinthu chimodzi: akana kutuluka. Anditchula dzina pa pepala, koma pamaso pa anthu akana. Mkwiyo umene unandigwira sindingaufotokoze. Manja aja ndinakweza dala, kuseka kuja ndinasekera dala, kuti aliyense asaone kuti zandipweteka. M'makutu munkangogunda mtima, ndinkamva dzina langa lokha. Amjomba nditawaona atakweza dzanja ndinati iwo okha ndiwo akundinyadira.

Mtunda wotsalawo ndinathamanga ndi ukali, ndikuwatukwana mumtima ababa anga, iwo ali mu nsanda. Sindinathamangepo bwino chotero. Pomalizira anandiveka mendulo, anzanga akundikumbatira. Ndiye bambo wina wogulitsa nzimbe, wa kwathu konko, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Pepani achimwene ndi zovutazi. Koma ndinu olimba mtima." Ndinafunsa kuti zovuta zanji.

Zotsalazo unaziona. Palibe anandithamangitsa, koma palibenso anandipatsa dzanja. Ndinagona pakhonde, ndipo Lamlungu galimoto itabwera ndinakwera, chifukwa sindinkadziwa poika nkhope yanga. Kuyambira pamenepo sindinavalenso nsapato zija. Kuntchito ndikukwera takisi.

Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo usandinyengerere. Mpando uja unauika ndiwe, kapena unangopezeka pamenepo? Akanakhala moyo akanatuluka kudzandiona? Ngati ananena kuti safuna, undiuze choncho, ndidziwe chimene ndasenza.

Atumani


Lungwena
11 Ogasiti 2024

Achimwene,

Waalaikumu salamu. Tilipo. Mwera wayamba kuchepa, alamu anu abwerera kunyanja. M'nyumba muno ndiye mwakula, ndimadzidzimukabe usiku kumvetsera kupuma kwawo.

Kalata yanu ndakhala nayo masiku ndisanayankhe. Ndinafuna kukunamizani, ndinayamba ndi kulemba komwe, kenako ndinang'amba. Mwati ndisakunyengerereni, ndiye imvani.

Mpando sunaikidwe Loweruka. Unaikidwa Lachisanu.

Tsikulo anadzuka ndi mphamvu zimene tinali tisanazione mwezi wonse. Anati ndiwatenthetsere madzi, alamu anu awasambitse ndi kuwameta. Anavala mkanjo woyera uja ndi mzuli wa pa Idi. Kumzikiti sakanatha kufika, koma anthu atangotuluka ku swala ya Juma anati titulutse mpando, tiwanyamule. Ndinati, "Ababa, mpikisano ndi mawa, lero akagona ku Nkopola, ndinakuwerengerani." Anandiyang'ana ngati ndine mwana. Anati, "Ndinamva, sindine gonthi. Koma munthu amene wafika pa Mangochi masana sangakagone kwa eni kwawo kuli pompa. Walemba zimenezo kuti atidzidzimutse. Ndimamudziwa, ndi mwana wanga."

Anakhala pansi pa mango masana onse, bulangete lanu lili m'miyendo, mphepo ikuwomba ngati ikufuna kuzula denga. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kuchokera kuboma ankadzutsa mutu. Ndinabweretsa phala, anati adya ndi mlendo. Anandiuza kuti ndiphe tambala wofiira uja, ndinapha. Amjomba anabwera kudzawachonderera kuti alowe, anawabweza. Anandifunsa ngati mumamwabe tiyi wa shuga wambiri, ndiponso ngati munanenepa kapena munaonda. Za mpikisano sanafunse chilichonse.

Dzuwa litapendeka milomo inayamba kuda, mawu akutuluka movuta. Anati, "Mwina galimoto yawafera pa njira." Apo m'pamene analola kuti tiwanyamule. Titawalowetsa anati mpando tiusiye panja, mukhoza kufika usiku n'kusowa pokhala. Sanalankhulenso mawu ena kupatula shahada, mawu a chikhulupiriro aja. Tambala uja anadya ndi anthu a pamaliro.

Ndiye yankho lanu ndi limenelo. Anatuluka, achimwene. Anatuluka pamaso pa mudzi wonse, aliyense wodutsa ankamuuza kuti akudikira Atumani. Sankafuna nambala pachifuwa, kapena azungu kumbuyo kwanu. Mukanatsika pa kabaza ndi chikwama paphewa, wopanda ndi nsapato zomwe, akanakulandirani.

Ndakukwiyirani, sindibisa, ndipo sindikudziwa kuti zidzatha liti. Koma amuna awiri a m'nyumba muno ali kumanda, ndatsala ndi inu nokha, ndipo sindikufuna kumva kuti mwathawanso. Pa arubaini mubwere. Amjomba mwina sadzakupatsani dzanja, anthu adzakulozani ndi milomo, mudzapirire. Musadzatenge katundu, palibe chimene tikufuna. Alamu anu adzakuperekezani kumanda mukawapempherere dua ababa anu.

A Blackson adzakutsitseni pa msewu waukulu, ndipo musadzakwere kabaza. Masamba aja anauma, ana anasesa kale. Koma inu mudzabwere mukuyenda.

Mlongo wanu,
Shamima